Khadi la zithunzi likagwa liwiro m'kompyuta: zoyambitsa ndi njira zofufuzira vutoli

BLANTYRE - Limodzi mwa mavuto amene amasautsa anthu ogwiritsa ntchito makompyuta amphamvu ndi lakuti makinawo amayaka bwinobwino, amatsegula makalata ndi intaneti popanda chovuta, koma akangopatsidwa ntchito yolemera monga masewero a pakompyuta, zithunzi zimayamba kudodoma ndi kudumphadumpha mpaka munthu kugwa ulesi.

Kawirikawiri gwero la vutoli limakhala chipangizo chomwe amisiri amachitcha graphics card, chimene m'nkhani ino chikutchedwa khadi la zithunzi. Khadili limakakamira pa liwiro lotsika, lomwe lidakonzedwa kuti lizigwira ntchito pa nthawi yopuma, ngakhale pamene masewero akufuna mphamvu zake zonse.

Ngakhale vutoli limadziwika kwambiri pakati pa achinyamata okonda masewero ku Ndirande, Chilomoni, Bangwe, Zingwangwa ndi madera ena a mzinda wa Blantyre, limakhudzanso maofesi a boma ndi mabungwe. Khadi lomwe limayendetsa masewero a mpira pakompyuta ndi lomwelonso limagwira ntchito pojambula mapu, polemba mapulani a nyumba ndi misewu, pokonza nkhani za pakanema komanso posanthula zithunzi za nyengo.

Makhadiwa onse amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Chigwetsereni mphamvu ya Kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa zipangizo zotere udakwera kwambiri. Choncho n'kofunika kudziwa kuti khadi lomwe lagwa liwiro nthawi zambiri silinafe. Limakhala likudziteteza ku kutentha, likusowa magetsi okwanira, kapena likumvera lamulo lomwe lapatsidwa ndi pulogalamu.

Khadi la zithunzi ndi ntchito yake

Kompyuta iliyonse ili ndi kachipangizo kotchedwa CPU komwe kamagwira ntchito ngati ubongo wa makina onse. Pofuna kupeputsa ntchito ya CPU, makompyuta ena amakhala ndi khadi lapadera lomwe ntchito yake ndi kuwerengera ndi kujambula zonse zooneka pa sikirini. Pakati pa khadili pamakhala kachipangizo kotchedwa GPU.

Dzina loti GPU lidatchuka mu 1999 pamene kampani ya Nvidia ya ku California m'dziko la America idatulutsa khadi la GeForce 256. Kampani ina yodziwika pa ntchitoyi ndi AMD, yomwe idagula kampani ya ATI ya ku Canada mu 2006 ndipo imapanga makhadi a Radeon. Nayo kampani ya Intel idalowa pa msikawu mu 2022 ndi makhadi ake otchedwa Arc.

Makompyuta ambiri a m'maofesi alibe khadi lapadera. Amagwiritsa ntchito kachipangizo ka zithunzi komwe kali m'kati mwa CPU momwemo, komwe kamakwanira polemba makalata koma kamalephera ntchito zolemera. Kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa chifukwa makina ena amakhala ndi zipangizo zonse ziwiri.

Tanthauzo la liwiro

Liwiro la khadi limayezedwa mu megahertz, kapena MHz mwachidule. MHz imodzi ikutanthauza kuti kachipangizoko kakugunda ka 1 miliyoni pa sekondi, ndipo kugunda kulikonse ndi mpata wogwirira kantchito kena.

Khadi silithamanga pa liwiro limodzi nthawi zonse. Likakhala kuti lilibe ntchito limatsika dala pofuna kupulumutsa magetsi ndi kuchepetsa kutentha. Mwachitsanzo, khadi la GeForce GTX 1060 lomwe lidatuluka mu 2016 limatsika kufika pa 139 MHz likamapuma, koma pa ntchito limayenera kuthamanga pakati pa 1,506 ndi 1,708 MHz kapena kuposerapo. Khadi la RTX 3060 la mu 2021 limapuma pa 210 MHz ndipo pa ntchito limafika cha m'ma 1,777 MHz.

Kuyambira mu 2012, makhadi a Nvidia amagwiritsa ntchito luso lotchedwa GPU Boost, lomwe limalola khadi kudzikwezera kapena kudzitsitsira liwiro palokha potengera zinthu zitatu: kuchuluka kwa ntchito, kuchuluka kwa magetsi omwe likuloledwa kudya, ndi kutentha kwake. Makhadi a AMD nawonso ali ndi dongosolo lofanana ndi limeneli.

Vuto limabadwa pamene masewero ayamba koma khadi lakhalabe pa 139, 210 kapena 300 MHz. Zikatero masewero omwe amayenera kuonetsa zithunzi 60 pa sekondi amangoonetsa 10 kapena 15.

Kutsimikiza kuti vuto lilipodi

Munthu asanatsegule kompyuta ayenera kuyamba wayeza. Pulogalamu ya Task Manager yomwe imabwera ndi Windows 10 ndi Windows 11 imaonetsa kuchuluka kwa ntchito yomwe khadi likugwira, ndiponso kutentha kwake pa makhadi ambiri. Mapulogalamu aulere monga GPU-Z, HWiNFO ndi MSI Afterburner amaonetsa zambiri, kuphatikizapo liwiro lenilenilo.

Kuyeza kuyenera kuchitika masewero kapena ntchito yolemera ili m'kati. Anthu ambiri amalakwitsa potuluka m'masewero kuti akaone liwiro, osadziwa kuti pa nthawi yomweyo khadi limakhala litabwerera kale kopuma. Njira yabwino ndi kuuza pulogalamu yoyezera kuti izisunga manambala kwa mphindi 10 kapena 15, kenaka n'kuwawerenga pambuyo.

Pa makhadi a Nvidia, pulogalamu ya GPU-Z ili ndi mzere wotchedwa PerfCap Reason womwe umatchula chimene chikuletsa khadi kuthamanga. Mawu oti Thrm akutanthauza kutentha, Pwr akutanthauza malire a magetsi, pamene Idle akusonyeza kuti khadi likudziona ngati lilibe ntchito. Mzere umodzi umenewu ungathe kupulumutsa masiku angapo a kufufuza mwa chimbulimbuli.

Pali nthawi zina pamene liwiro lotsika silikhala vuto konse. Masewero akale kapena opepuka safuna mphamvu zambiri, ndipo ngati adaikidwa malire a zithunzi 60 pa sekondi, khadi limangopereka zomwe zikufunikazo. Momwemonso, CPU ikakhala yofooka, khadi limakhala likudikira ntchito. Chizindikiro chake n'chakuti CPU imaoneka yodzaza ndi ntchito pamene khadi lili chete. Pamenepo kugula khadi lina n'kutaya ndalama.

Kutentha ndi fumbi

Mu mzinda wa Blantyre choyamba kuchikayikira ndi kutentha. M'miyezi ya October ndi November, mvula isanayambe, kunja kumafika kapena kupitirira madigiri 30 masana, ndipo m'zipinda za malata zopanda siling'i kumatentha kuposa pamenepo. Kompyuta yomwe inkayenda bwino m'nyengo ya chiperoni mu June ndi July ingathe kuyamba kufooka m'chilimwe popanda china chilichonse chomwe chasintha.

Makhadi ambiri a Nvidia adakonzedwa kuti asamapitirire madigiri 83. Akafika pamenepo amayamba kutsitsa liwiro pang'onopang'ono, ndipo akapitirira madigiri 90 amalitsitsa kwambiri kapena kuzimitsa makina kumene. Chizindikiro cha vuto la kutentha n'chakuti masewero amayamba bwino kwa mphindi zingapo, kenaka n'kumafooka pamene makina akutenthera.

Fumbi ndi lomwe limakulitsa vutoli. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, mphepo imanyamula fumbi lambiri, makamaka m'madera a misewu yopanda phula ndi m'mashopu oyandikana ndi msika wa Limbe kapena misewu yodutsa magalimoto ambiri. Mafani a khadi amakoka mpweya pamodzi ndi fumbilo, lomwe limamatirira pa tizitsulo toyamwa kutentha mpaka kukhala ngati bulangete. Utsi wa mbaula ndi wa fodya umachititsa fumbi kumata kwambiri.

Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa pamalo otere ndi wopepukirapo, kotero umachotsa kutentha mocheperako poyerekeza ndi wa m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja. Kusiyanako n'kochepa, koma kumaonjezera mtolo pa khadi lomwe ladzaza kale fumbi.

Mankhwala a vutoli ndi osavuta. Kompyuta izimitsidwe, nthambo ya magetsi izulidwe, ndipo fumbi lipemereredwe ndi bulowa kunja kwa nyumba. Popemerera, fani igwiridwe ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso. Madzi kapena nsalu yonyowa siziyenera kufika pa khadi. Makina akayatsidwanso, mmisiri aonetsetse kuti mafani onse akuzungulira pamene khadi latentha, poti makhadi ambiri a masiku ano amaimitsa mafani dala akakhala ozizira.

Pakati pa GPU ndi chitsulo choyamwa kutentha pamakhala kaphala kotchedwa thermal paste. Pakapita zaka kaphalaka kamauma n'kusiya kugwira ntchito. Kukasintha n'kotsika mtengo, koma ndi ntchito ya mmisiri wodziwa, ndipo ngati khadi likadali pa chitsimikizo cha wogulitsa, nzeru ndi kulibweza kwa iye lisanamasulidwe.

Malo oikapo kompyuta nawonso ndi ofunika. Bokosi la kompyuta lisakhale pansi pa simenti pomwe tsache limadutsa, m'kabati yotseka, kapena pawindo pomwe dzuwa limawomba.

Nkhani ya magetsi

Magetsi ambiri a m'dziko muno amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuyambira mu 2017 ntchito yopanga magetsiwa ili m'manja mwa kampani ya EGENCO pamene ESCOM imawagawa kwa anthu. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga malo a Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kudakula mpaka malowo atakonzedwa mu 2023.

Magetsi a pakhoma, omwe muyeso wake ndi mavoti 230, safika pa khadi mwachindunji. Amayamba adutsa m'bokosi lotchedwa power supply lomwe limawasandutsa mavoti 12 ndi ena ocheperapo. Kotero magetsi a pakhoma akafooka kwambiri, kawirikawiri kompyuta imangozima, osati kutsika liwiro. Komabe kuzima ndi kuyaka kwadzidzidzi kumakalambitsa bokosili msanga, ndipo kungathenso kuononga mapulogalamu omwe anali pa ntchito pa nthawiyo.

Khadi limalandira magetsi m'njira ziwiri. Malo omwe limalowa pa motherboard amapereka mawati osapitirira 75. Makhadi ofuna zambiri amakhala ndi polowera nthambo yapadera: ya mabowo 6 imaonjezera mawati 75 pamene ya mabowo 8 imaonjezera 150. Khadi la GTX 1060 limadya mawati 120 ndipo Nvidia imalangiza power supply ya mawati 400, pamene RTX 3060 imadya 170 ndipo imafuna ya mawati 550.

Apa ndi pomwe makompyuta a muofesi amavutikira. Ambiri mwa iwo, makamaka a mabokosi ang'onoang'ono, adabwera ndi power supply yofooka yomwe idapangidwira ntchito za makalata basi. Kuikamo khadi lamphamvu popanda kusintha bokosi la magetsi kumabweretsa kuzimazima kapena kufooka kwa khadi. Nthambo yomwe sidalowe bwino, kapena yolumikizidwa ndi tizingwe tosinthira totsika mtengo, ingathenso kuchititsa khadi kudzitsekera pa liwiro lotsika, ndipo nthawi zina imatentha mpaka kusungunuka.

Makina otetezera monga UPS ndi ofunika, koma ayenera kukhala a mphamvu yolingana ndi kompyutayo. UPS yaing'ono yomwe idagulidwira kompyuta ya mlembi siingasenze kompyuta yojambulira mapu pamodzi ndi sikirini zake.

Malaputopu

Pa malaputopu, magetsi akathima vutoli limaonekera pomwepo. Laputopu ikamayendera batire imatsitsa dala liwiro la khadi chifukwa batire silingapereke mphamvu zonse zofunika. Limeneli si vuto lofuna mmisiri, ndipo liwiro limabwerera chaja ikalumikizidwa.

Chaja yolakwika ndi chifukwa china chofala. Malaputopu a masewero ndi a ntchito zolemera amafuna machaja a mawati 130, 180 kapena kuposerapo. Chaja yoyamba ikatayika kapena kupsa, ambiri amagula ina ya mawati 65 poona kuti mutu wake ukulowa. Laputopu imayaka ndithu, koma khadi silipatsidwa mphamvu zokwanira. Malaputopu ena amatha kuzindikira chaja yachilendo ndipo amadzitsitsa liwiro mpaka atalumikizidwa yoyenera. Manambala a chaja yofunika amalembedwa kunsi kwa laputopu kapena m'buku lake.

Laputopu isaikidwe pa bedi, pa pilo kapena pa mpando wa khushoni poigwiritsa ntchito yolemera, popeza mabowo opumira amakhala kunsi ndi m'mbali.

Mapulogalamu ndi malamulo a m'kompyuta

Kutentha ndi magetsi zikapezeka kuti zili bwino, chotsatira ndi mapulogalamu. Windows ili ndi dongosolo losunga magetsi lomwe lingaletse makina kuthamanga, ndipo pa ntchito yolemera liyenera kuikidwa pa mphamvu zonse. M'pulogalamu yoyendetsera makhadi a Nvidia muli posankha potchedwa Power management mode, ndipo kusankha Prefer maximum performance pa masewero kapena pulogalamu yomwe ikuvutayo kumauza khadi kuti lisamabwerere kopuma ntchito ili m'kati.

Makina okhala ndi zipangizo ziwiri za zithunzi nthawi zina amapereka masewero kwa chofooka chija, khadi lalikulu lili pongokhala. Mu Windows muli malo, pansi pa Display ndi Graphics, pomwe munthu angasankhe chipangizo choyendetsa pulogalamu iliyonse. Pa makompyuta a patebulo cholakwika chodziwika ndi kulumikiza nthambo ya sikirini pa motherboard m'malo mwa pa khadi. Izi zimachitika kwambiri ofesi ikasamuka kapena makina akazulidwa pokolopa.

Khadi limalankhulana ndi Windows kudzera m'pulogalamu yotchedwa driver. Pulogalamuyi ikaonongeka kapena ikagwa masewero ali m'kati, khadi lingathe kutsalira pa liwiro lotsika. Kudina pamodzi mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B kumaidzutsanso, ndipo kuzimitsa n'kuyatsanso kompyuta kumathandiza nthawi zambiri. Vuto likapitirira, amisiri amachotsa driver yonse ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller n'kuika yatsopano yochokera kwa eni ake a khadi, osati ya pa fulashi yosadziwika gwero lake. Ngati vuto lidayamba driver yatsopano itangoikidwa, kubwerera ku yakale ndiye yankho.

Mapulogalamu osinthira liwiro monga MSI Afterburner nawonso aonedwe, popeza wina angakhale kuti adatsitsa malire a magetsi n'kuiwala. Zonse zibwezeredwe momwe zidalili kuchokera ku fakitale. Maofesi akumbukirenso kuti kampani ya Microsoft idasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse pa Windows 10 pa 14 October 2025, zomwe zikutanthauza kuti makina akale amafunika kuwaganizira mwapadera pa nkhani ya chitetezo.

Makhadi ogwiritsidwa kale ntchito ndi achinyengo

Makompyuta ndi makhadi ambiri ogulitsidwa m'mashopu a mu Blantyre ndi Limbe ndi ogwiritsidwa kale ntchito kunja. Ambiri amakhala abwino, koma wogula ayenera kusamala. Kwa zaka zingapo makhadi ochuluka pa dziko lonse ankagwiritsidwa ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti. Ndalama ya Ethereum itasiya njira imeneyi mu September 2022, makhadi otere adasefukira pa msika. Ena mwa iwo adasinthidwa pulogalamu ya m'kati kuti azidya magetsi ochepa, ndipo mafani awo amakhala otopa.

Palinso makhadi achinyengo, omwe ndi akale koma adalembedwa dzina la atsopano. Khadi lotere limaonetsa dzina lalikulu mu Windows pamene liwiro ndi mphamvu zake n'zochepa. Pulogalamu ya GPU-Z imatha kuzindikira ambiri mwa makhadi amenewa. Wogula apemphe kuti khadi liyesedwe pamaso pake kwa mphindi zosachepera 15 pa ntchito yolemera, ndipo alandire lisiti lotchula mtundu ndi nambala ya khadilo.

Ndondomeko yofufuzira

Amisiri a makompyuta m'maofesi angachepetse nthawi ndi ndalama potsata ndondomeko yoyambira pa zinthu zosalira ndalama:

1. Kuyeza liwiro, kutentha ndi ntchito ya khadi ndi ya CPU pamene ntchito yolemera ili m'kati, n'kulemba manambalawo.

2. Kuona ngati nthambo ya sikirini ili pa khadi, ndipo ngati ili laputopu, kuona ngati chaja ndi yoyenera.

3. Kukonza dongosolo la magetsi mu Windows ndi m'pulogalamu ya khadi, ndi kutsimikiza kuti ntchito ikupita ku khadi loyenera.

4. Kuchotsa fumbi ndi kuona mafani.

5. Kuzula ndi kubwezeretsa khadi pamodzi ndi nthambo zake za magetsi, makina ali ozimitsa.

6. Kuchotsa driver ndi kuika yatsopano.

7. Kuyesa khadilo m'kompyuta ina ya power supply yamphamvu, kapena kuyesa khadi lina m'kompyuta yovutayo.

Chinthu chimodzi chisinthidwe pa nthawi imodzi, kenaka kuyeza kubwerezedwe. Kusintha zinthu zambiri pakamodzi kumabisa chomwe chidali vuto. Khadi likakanabe kukwera liwiro m'kompyuta ina yabwino, kapena likamaonetsa timizere ndi timadontho tachilendo pa sikirini, pamenepo mpomwe linganenedwe kuti laonongeka.

Zoyenera kudziwa oyang'anira katundu wa boma

Kugula ndi kutaya katundu wa boma kumayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2017. Kompyuta isanalembedwe pa mndandanda wa katundu wotha ntchito, mkulu wa ofesi ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira lipoti la mmisiri losonyeza manambala omwe adayezedwa ndi njira zomwe zidayesedwa. Mawu oti "yafooka" paokha sakwanira.

Pogula makina atsopano, chikalata chofotokoza zofunika chitchule mtundu wa khadi, mphamvu ya power supply kapena chaja, kukula kwa UPS ndi kutalika kwa chitsimikizo. Ofesi ikhalenso ndi kalendala yotsukira makompyuta, makamaka kumayambiriro a chilimwe ndi kumapeto kwake, ndipo ndalama za ntchitoyi ziikidwe mu bajeti ya chaka.

Akatswiri a ntchitoyi amapezeka mu mzinda momwemuno, kuphatikizapo omwe adaphunzira ku sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Chichiri, yomwe mpaka 2021 inkadziwika kuti Polytechnic. Khadi lomwe latsimikizika kuti lafa lisaotchedwe kapena kusakanizidwa ndi zinyalala zopita kudzala la ku Mzedi, popeza zipangizo za makompyuta zimakhala ndi zitsulo ndi mankhwala owononga nthaka ndi madzi. Liyenera kusungidwa padera mpaka litatayidwa motsata malamulo.